Chimene ndinasiyila pagolo

Bambo owelenga makalata pa wailesi, chonde dzina langa lisamveke. Ndine mnyamata wa ku Nyampande, ndipo ndinali kugwila pagolo m'timu ya koleji yathu ku Petauke.

Tsiku lina m'mawa ndinagwa kubafa ndili ndekha. Nditatsitsimuka, ndinapeza kuti ndadziluma lilime. Kuchipatala anandiuza kuti ndi khunyu, anandipatsa mankhwala, nati ndiyambe ndapumula mpila. Ndinabweza jezi kwa akochi osanena chifukwa. Patangopita masiku atatu, anzanga anakagonja ku Nyimba.

Tsopano masapota akulankhula zambili. Ena akuti ndinapatsa mtsikana mimba, ena akuti a ku Nyimba anandigula. Dzulo kumsika bambo wina wogulitsa nsapato anandigwila dzanja mwamphamvu, nati, "Iwe, manja awa unawagulitsa kwa ndani?" Anthu anayamba kutizungulila. Ndinangoti, "Pepani bambo, pepani," mpaka anandisiya.

Ndikanatha kunena zoona pomwepo. Koma m'timu mwathu timamwela botolo limodzi, ndipo kwathu amati khunyu imayenda m'malovu. Anesi a kuchipatala kuja ananditsimikizila kuti limenelo ndi bodza. Komabe ndikuopa kuti anzanga akadziwa, adzaleka kudya nane.

Akochi andiitana kuti Loweluka ndikafotokoze pamaso pa timu ndi masapota. Ndidzapita. Kwa omvela amene mudzakhalepo, pempho langa ndi limodzi: ndikamaliza kulankhula, musandithawe.