Chingerezi Chimene Sitiroko Inasiya

Mzere wa pazenera lolandirira mankhwala sunkasuntha. Mayi wokolopa anaimika mopu, khutu lili kwa awiri osadziwana: mtsikana wofiira maso ndi tulo, ndi bambo wachikulire wamagalasi.

"Mankhwala ndi ako, mwananga?"

"Ndi a bambo anga. Sitiroko inawalanda mawu. Madzi satha kupempha, dzina langa lomwe linawathawa. Koma zining'a za Chingerezi zimene anatola akugwira ntchito kuhotela zimatuluka zathunthu!"

"Aa! Zoona?"

"Ndipo saphonya ponenera. Mvula ikakhuthuka mumva 'raining cats and dogs.' Akameza mapiritsi bwinobwino, 'piece of cake,' kutanthauza kuti n'zosavuta. Adokotala akuti mawu ozolowereka ubongo umawasunga paokha."

"Mulungu ndi wodabwitsa! Nyumba yonse kupsa, kabati n'kutsala."

"Koma pali chimodzi chimene ndimaopa kufunsa. Ndikamawapukuta kukamwa amandiyang'anitsitsa n'kunena kuti 'apple of my eye.' Bambo anga ndi aukali, chibadwire sanandiyamikirepo. Mwina amadandaula kuti ndawapweteka."

"Amanena kwa iwe wekha?"

"Ine ndekha. Achimwene akabwera, kuli zii."

"Mwananga, amenewo ndi mawu ouza munthu amene umamukonda kuposa onse. Mwana wapamtima."

"Ine?"

"Iweyo."

"Tabwerezani, bambo."

"Wapamtima."

"Mundisungireko malo pamzerepa. Ndawasiya pakhonde, panjinga ya odwala. Ndikawapukutenso kukamwa."