Guluu Wofiira pa Mfuti ya a Sindiphonya

Makoswe anali atatha chakudya cha nkhuku, ndipo mayi a pakhomo anagamula: khoswe akapanda kufa lero, mfuti ya mpweya igulitsidwa, pabwera mphaka. A Sindiphonya, amene chibadwire sanalasepo ngakhale buluzi, mtima unawawawa, ndiye anaitanira mlamu wawo m'galaja kuti amange pamfutipo galasi loonera patali.

"Dzulo ndinaphonya chifukwa masikuluwu amagwedera," anatero. "Pakani guluu uyu, pasagwederenso kanthu."

"Wabuluu kapena wofiira, alamu? Pabotolo alemba kuti wofiira samasulika popanda moto."

"Ndiye mwamunayo! Wofiira."

"Tisayambe tasuzumiramo kaye?"

"Iii, mfuti ndi yanga kapena ya achemwali anu? Mbali yaikuluyi iloze kudiso kwanga. Diso lalikulu, galasi lalikulu. Ndipo ngakhale ndikupempheni chogwada, musadzamasule."

Mlamu anangoti chabwino, n'kuyamba kupaka, lilime lili panja. A Sindiphonya anapita kukadzitama kwa aneba. Pobwera anatseka chitseko, napeza botolo latsala pang'ono kutha.

"Aa! Guluu yense uja?"

"Munati pasagwedere kanthu. Ndapakanso timawilo towongolera galasi, ndi chogwirira cha chitseko. Nachonso chimagwedera."

Pomwepo khoswe wonenepa ngati mwana wa galu anatulukira kuseri kwa thumba. A Sindiphonya anagwada, natsinzina diso limodzi, nasuzumira pagalasi.

"Shh! Ndamuona. Koma wathawira kutali, kakuoneka ngati nyerere."

"Ali pa nsapato yanu, alamu."

"Musandiphunzitse! Ali uko, kumapeto kwa msewu."

"Akudya chingwe cha nsapato."

Anachotsa diso pagalasi. Khoswe anawayang'ana mopanda ulemu, n'kuchoka osathamanga n'komwe. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu.

"Galasili laloza chammbuyo! Masulani msanga!"

"Munandiletsa."

"Ndikukupemphani!"

"Munati ngakhale chogwada. Ndipo onani, mwagwadadi."

Panja panamveka mapazi a mayi, ndi kulira kwa kanthu m'katoni: miyawu. Chogwirira cha chitseko chinakana kutembenuka.

"Bambo a ana! Mwatsekeranji? Khoswe wafa?"

A Sindiphonya anakumbatira mfuti yawo, nanong'oneza: "Alamu, guluu wotsalayo pakani pakamwa panu musanaonane ndi achemwali anu."

Mlamu anakweza botolo, nayang'ana mosamala.

"Watsala wokwanira pakamwa pamodzi, alamu. Pamene pamagwedera kwambiri ndi panu."