Ululu Umene Sunaoneke M'magazi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mayi wa ana awiri wa ku Chawama, ndipo ntchito yanga ndi yoluka tsitsi. Lero ndikufuna kukuuzani za matenda amene anandifoola manja mpaka kundisiyanitsa ndi mwana wanga.

Zinayamba ngati kutopa wamba. Kenako ululu unakhazikika m'mapewa, m'chiuno ndi m'zala, moti ngakhale malaya ankandipweteka pakhungu. M'mawa ndinkadzuka ngati munthu womenyedwa. Makasitomala anathawa chifukwa ndinkawasiya mutu uli theka, zala zitauma. Kukiliniki anandipima malungo, shuga ndi magazi, osapeza kanthu. Mawu akuti "mulibe matenda" anandilasa kuposa ululuwo.

Kunyumba anayamba kunena kuti ndi ulesi, ndipo ena kutchalitchi anati mwina ndikubisa tchimo. Tsiku lina m'nyengo ya mvula, ndikulambalala zithaphwi nditabereka Taonga, mwana wanga wamng'ono, msana unandigwira ndipo tinagwera m'matope. Mwanayo anang'ambika pachipumi. Apongozi anga anabwera kudzamutenga n'kupita naye kwawo ku Matero, amuna anga osawaletsa. Ndinatsala ndi chitenje choberekera, ndikuchinunkhiza ndi kulira. Ndinaleka kupempha machiritso. Ndinkangoti, "Ambuye, nditumizireni munthu mmodzi yekha wondikhulupirira."

Munthuyo anali ba Mwansa, mayi wogulitsa makala pafupi ndi mpopi wathu, amene tinkangopatsana moni basi. Atandiona ndikulephera kunyamula kachigubu ka madzi, anandiyandikira nati, "Ba sisi, thupi ibaba paliponse, si so? Na ine nili so. Matenda aya yali na dzina." Nditamva kuti nawonso thupi limawawawa ngati ine, ndinalira pampopi pomwepo, anthu akuona.

Ba Mwansa anandiperekeza kuchipatala chachikulu, ndipo anaumirira kuti amuna anga apite nafe. Dokotala anandimvetsera, anandipima, kenako anati ndi faibulomayalijiya, matenda amene amachititsa thupi kumva ululu mopitirira, koma saoneka m'magazi. Ananena mosabisa kuti palibe mankhwala ochotseratu. Amuna anga anawerama, osadzutsa mutu mpaka titatuluka. Tili mu minibasi anandipepesa.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kukhala nawo matendawa. Ndimamwa mankhwala monga anandiuzira. M'mawa timayenda pang'onopang'ono ndi ba Mwansa, ndimawongola thupi, ndimadzithowa ndi madzi ofunda. Ndimaluka mutu umodzi n'kupuma, ngakhale wina akudikira. Kukana ntchito kunandivuta kwambiri, chifukwa ndinakula ndikumva kuti mkazi weniweni satopa.

Amuna anga anapita okha ku Matero kukatenga Taonga. Atafika, mwanayo sanandithamangire, anabisala kumbuyo kwa bambo ake, ndipo zinatenga nthawi kuti andizolowerenso. Sindingathenso kumubereka, izi zimandiwawa mpaka lero. Koma amagona m'nyumba yanga, ndipo timayenda atandigwira chala.

Sindinachire, abale. Pali masiku amene sinditha kudzuka, ndipo ena kutchalitchi amakayikabe ngati uwu ndi umboni. Ine ndikuthokoza Mulungu, chifukwa chimene ndinapempha anandipatsa. Inu amene mukuvutika ndi ululu umene anthu sauona, musaleke kupemphera ndipo musaleke kupita kuchipatala. Ndipo ngati wina pafupi nanu akuti thupi likumuwawa, mukhulupirireni. Mwina iyenso akupempha munthu mmodzi yekha. Ameni.