Nyumba imene anakaniza akazi anga kundidyetsa

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Amene simundidziwa, ndine Chisale, mkamwini wa ku Champiti. Ndaimirira ndekha pamaso panu lero. Muone bwino, ndekha!

Kale ndinali munthu wa khasu. Thumba la chimanga ndinkaliponya panjinga popanda wondigwirira. Koma tsiku lina ndikupalira, khasu linangopulumuka m'manja. Ndinagwa mumzere. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa kupotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anachepetsa kuthamanga kwa magazi anga, ndipo patapita masabata anati, "Bambo, zathu tamaliza, bedi likufunika ena."

Kunyumba ndinasanduka katundu, abale. Katundu! Akazi anga, aNagama, ankandisambitsa, kunditembenuza, kundimwetsa phala ngati khanda. Munda unagonera. Apa alamu anga anakhala upo nagwirizana kuti mkamwini akadwalika chotere amaperekedwa kwao, abale ake akamuone. Sindiwada ayi, ndi mwambo. Koma kwathu ku Bwanje kunatsala chemwali anga okha, okalamba, osaona bwino. Nyumba ndinamanga ndi manja anga, ana ndinalera, ndiye ndikafere pakhonde la eni? Ndinalira. Mwamuna wamkulu ine, ndinalira.

Mayi wina wa Mvano ndiye anatiuza za nyumba ya mishoni yosamalira anthu ngati ine. ANagama anapempha alongo awo kuti adikire mpaka kukolola. Anavomera monyinyirika.

Tsiku lofika, namwino wa pamenepo anatiuza mosabisa kuti pano si chipatala. Dokotala amangobwera mwa apo ndi apo, diripi palibe. Koma si kunyumbanso, chifukwa pali okuyang'anira usana ndi usiku, okupatsa mankhwala pa nthawi yake ndi okuphunzitsa thupi zimene laiwala. Ena amakhalitsa, ena amabwerera kwao.

Chakudya chitafika, aNagama anatenga supuni monga mwa masiku onse. Namwino anawagwira dzanja. "Mayi, manja kumbuyo. Adye okha."

Ine kupsa mtima! Ndinatukwana ndi pakamwa pokhota pomwepo, mwayi wake sizinkamveka. Phala linathera pachifuwa. ANagama anatuluka akulira, akuti anthu awa ndi ankhanza. Ine ndinakana kudya mpaka njala inandilalikira uthenga, ndipo ndinatembenuka.

Pang'onopang'ono, abale. Supuni ndi dzanja lamanzere. Kenako batani la malaya. Kenako kugwira chitsulo chotsamira n'kuimirira, miyendo ikunjenjemera ngati mwana wang'ombe wongobadwa kumene. Ankandipatsa chitsononkho kuti ndizifinya ndi dzanja lakufali. Tsiku limene ndinapita ndekha kuchimbudzi n'kudzitsekera chitseko, ndinaimba nyimbo m'menemo. Musaseke, amene anadwalapo akundimva.

Anthu atakolola ananditulutsa. Alamu anasonkhana pakhomo kuti amalize nkhani ija. Ndinatsika panjinga imene anandinyamulira, ndinayenda ndi ndodo yanga mpaka pamene anakhala, ndinawapatsa moni mmodzimmodzi. Ndinadzitungira madzi mumtsuko n'kumwa iwo akuona. Wamkulu wawo anangoyang'ana pansi, kenako anati, "Alamu, takulandirani kwanu."

Kwanu! Aleluya!

Sindikunamizani kuti ndachiriratu. Dzanja ili likadali laulesi, khasu sindigwira, mankhwala ndimamwa tsiku lililonse. Koma ndimasamba ndekha, ndimadya ndekha, ndimatonola chimanga. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza anamwino ouma mtima aja, ndikuthokoza inu amene munkabwera kudzapemphera nafe. Amene muli ndi wodwala wotere pakhomo, funsani za malo oterewa, musamangomutsekera m'nyumba.

Dzana aNagama anandisiya ndikulondera mphale padzuwa. Ndinasinza, nkhuku zinachita phwando. Atabwera anandikalipira kwambiri, mpaka oyandikana nawo kutuluka. Ine ndinangokhala ndikumwetulira, misozi ikutsika. Chidwalire changa, abale, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandikalipirapo. Wodwala amangomumvera chisoni. Wokalipiridwa ndiye bambo wa pakhomo.

Ambuye alemekezeke. Ameni.