Pikapu ya Alamu Anga Inafa ndi Madzi

Kale, msewu wa ku Boma usanathiridwe phula, ine ndinapha galimoto ya alamu anga a Fedisoni ndi manja angawa, ndipo nditaipha ndinawauza kuti aipha okha. Ndayamba ndi zimenezi dala, anyamata inu, chifukwa mwabwera kudzafunsa m'mene mungadzutsire pikapu yakale mwagula ija, ndiye mudziwiretu kuti wokulangizaniyu ndi munthu wotani.

A Fedisoni ndi mlongo wawo wa akazi anga. Anakwatira ku Jenala, ndipo pikapu yawo ndiyo inkanyamula nandolo ndi eniake omwe kupita kumsika, pakuti nthawi imeneyo kunalibe njinga zamoto zili mbwee lerozi, ukaiphonya unkayenda wapansi. Tsiku lina inayamba kuwira pafupi ndi kuno ku Nazombe, tinaikankha mpaka pansi pa mango apo, iwo nati, "Alamu, musaigwire, ndikafune makaniko." Koma ine, poti ndinkawakwezera matumba ndipo ankandipatsako chiwongolero mwa apo ndi apo, ndinkadziona ngati makaniko kale. Atangokhota ndinabwereka masipanala, ndinachotsa boneti kuti ndione bwino, ndinamasula mutu wa injini, koma nditasuzumira m'katimo sindinaonemo chimene ndikudziwa. Safunsa anadya phula. Kunabwera uthenga wa maliro kwathu, ndipo ndinanyamuka injini ili yasaa.

Mvula inatsika kuphiri la Michesi osakata. Pobwera ndinapeza mabowo a mapisitoni atadzaza ngati mitsuko, oyilo atayera ngati thobwa. Ndinakapa madzi ndi chisanza, oyiloyo ndinamukhuthulira kudzala, ndinabwezera zonse mwamsangamsanga n'kukhala chete. Alamu anachedwa ndi matenda a mwana, ndipo pofika ndi makaniko injini inali itagwirana ndi dzimbiri, yosazungulira. Makaniko anasolola kachitsulo koyezera oyilo, kanatuluka kouma. A Fedisoni anandiyang'ana, ine n'kuti, "Alamu, oyilo munkamuona koma?"

Mawu amenewo anawatsata mpaka kumsika, ndipo anthu anawapatsa dzina loti a Saikaoyilo. Palibe anawapatsanso galimoto kuti ayendetse. Nandolo ankanyamula pa njinga mpaka mawondo anatha, pikapu ili pansi pa mango nkhuku zikuikiramo mazira, ine ndikudya nawo m'mbale imodzi pa maliro ndi pa zikwati. Chitsulo chimatha ndi dzimbiri, ana inu, koma mlandu suola.

Nditamva kuti maso awo ayamba kuchita mdima, ndinatenganso masipanala. Akazi anga anandipenyerera pakhonde, nati, "Bambo, mukudzutsa galimoto kapena mukudzutsa nkhani?" Pamenepo ndinadziwa kuti oyilo wa kudzala uja anamuona kalekale.

Ndiye mverani zimene ndinaphunzira mochedwa. Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, mangani kachisakasa, kapena pezani lona, ndipo injini isagone yotsegula ngakhale kumwamba kuli kowala. Musaphwasule zonse tsiku limodzi. Chotsani chinthu chimodzi, mabawuti ake m'chitini chawochawo, ndipo inu muli ndi mafoni, jambulani chisanachoke pamalo pake. Ife tinkadalira mutu, ndipo mutu umanama. Injini ikagwirana musaimenye ndi nyundo. Ine ndinathira dizilo m'mabowo muja n'kumasiya, m'mawa uliwonse ndinkayesa kupotoza ndi sipanala pang'ono chabe, chimanga chinabzalidwa mpaka kukololedwa isanasunthe. Galimoto yakale ili ngati kalongonda, wofulumira kumuphula asanapse amaledzera naye. Injini ija itasuntha ndinaikweza pangolo kupita nayo kwa makaniko ku Boma, chifukwa pali ntchito zina zoti pakhomo sizitheka, ndipo kuvomera zimenezo si manyazi. Tanki mutsuke, mawaya odyedwa ndi makoswe musinthe, koma mabuleki ndiwo oyamba. Penti ikhale yomaliza. Achinyamata a lero mumathamangira penti, galimoto n'kumanyezimira ili pamiyala.

Tsiku limene pikapu inalira, nkhuku zinabalalika, akazi anga anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo ine ndinamva ngati andichotsera thumba la mchenga pamsana. Koma ndinadziwa kuti ntchito yeniyeni yatsala. Mabuleki atagwira bwino ndinavala jekete la kutchalitchi, tinakwera awiri ndi akazi anga, ulendo wa ku Jenala, mwapang'onopang'ono, njinga zakabaza zikutipitirira.

A Fedisoni tinawapeza pamkeka akusenda chinangwa chopapasa. Anadzutsa mutu tisanaime n'komwe. "Imeneyo ndi yanga," anatero, "ndaimva kutsokomola kwake." Anadzuka, mlongo wawo anawagwira dzanja, anayenda nayo mozungulira akuisisita, anthu a m'mudzimo atasonkhana, ena mwa iwo omwe aja anawapatsa dzina. Atafika pazenera anaseka, nati, "Alamu, mwaikamo oyilo? Musachite ngati ine."

Ndikanatha kuseka nawo, n'kubwerera kwathu ndi mbiri yabwino. Lero ndimagona tulo chifukwa sindinatero, ndipo inunso mukadzathyola chinthu cha mwini, mudzanene dzuwa lisanalowe, bodza limakula msanga kuposa dzimbiri. Ndinazimitsa injini kuti aliyense amve, ndinatsika, ndinagwada pafumbi pomwepo n'kugwira dzanja lawo, ndipo ndinati:

"Alamu, oyilo munkaika. Simunaphonyepo. Ndine ndinatsegula injini mutandiletsa, inalowa madzi, oyilo wanu ndinakhuthula ndine, ndipo ndinakusiyani musenze dzina loipa zaka zonsezi ndikuona. Galimoto yanu nayi, koma mawondo anu sindingabweze. Ndinakulakwirani, alamu. Pepani."