Apongozi Akuti Ndine Nayisi

Pa siteji ya basi, mtsikana wina wovala diresi latsopano anadula foni nkhope ikuwala. Pambali pake panali bambo wachikulire wamagalasi, nyuzipepala ili kukhwapa.

"Pepani mwanawe, makutu alibe chitseko. Ndani wakuuzani kuti ndinu nayisi?"

"Mayi ake a chibwenzi changa, bambo. Lero ndinakaonekera koyamba. Potsanzikana anati ndine mtsikana wanayisi."

"Mukudziwa kumene mawu amenewo anachokera?"

"Si Chingelezi? Wabwino, wosangalatsa."

"Masiku ano, inde. Koma gwero lake ndi Chilatini, kutanthauza munthu wosadziwa kanthu. Polowa m'Chingelezi, nayisi chinali chitsiru."

"Aaa, bambo inu! Chitsiru?"

"Chenicheni. Kenako anadzakhala munthu wovuta, wosankhasankha zinthu. Zaubwinozi zabwera pambuyo."

"Mawu n'kutembenuka chonchi?"

"Ngati munthu. Wina amayamba ndi uchitsiru, n'kudzawongokera kuukulu."

Mtsikanayo anaseka, koma kusekako kunathera panjira.

"Nanga iwowo amanena nayisi wake uti? Chifukwatu ndinawakhuthulira tiyi pa nsalu ya patebulo. Yoyera."

"Musadandaule, odziwa mbiri imeneyi ndi ochepa. Mayiwo amagwira ntchito yanji?"

"Anapuma. Ankaphunzitsa Chingelezi ku koleji."

Bambo uja anakonza magalasi, n'kusuzumira kumsewu.

"Basi yanu si iyo ikubwerayo, mwanawe?"