Chikwangwani cha pa Mlatho ndi Chitseko cha Ngolo Yanga

Tsiku limene ndinayamba kudandaula linali Lolemba loyamba la mwezi wa Meyi, zaka zinayi zapitazo. Moni kwa inu nonse abale ndi alongo a mpingo wathu kuno ku Nsaru, ndi kwa aliyense amene pepala ili limufike. Ndine Lazaro Phiri, mlimi wa fodya ndi mtedza. Kope la kalata ya tsiku limenelo ndili nalo, pamodzi ndi makope a makalata ena asanu ndi atatu amene anatsatira, onse m'jumbo imodzi pansi pa sutikesi yanga.

Nkhani yake inali chikwangwani. Panjira yathu yopita ku Kabudula pali kona yakuthwa, ndipo ukangoikhota umapezeka pa kamlatho kopapatiza, koti galimoto ndi ngolo sizingapatukirane. Pakonapo panali chikwangwani chachitsulo, choyera, cha mivi itatu yofiira yoloza kumene msewu wakhotera. Tsiku lina tinadzuka chitazulidwa. M'kalata yoyamba ndinachilongosola bwinobwino: m'litali mikono iwiri, m'lifupi mkono umodzi, ngodya yakumwamba kumanzere yopindika chifukwa thirakitala inaikhulapo. Kalatayo ndinakasiya ndekha ku ofesi ina ku boma, imene sindiitchula dzina pano. Anandidindira pa kope langa. Yankho silinabwere.

Patatha miyezi iwiri, lole ya mabelo a fodya inafika pakonapo chisisira chitagwa, dalaivala wake ali mlendo panjirayo. Inandipeza ndili pa ngolo, ndikuchokera kuchigayo. Imodzi mwa ng'ombe zanga ziwiri, Kapitawo, inafera pomwepo, ngolo inaphwasuka, ine n'kugona m'chipatala milungu isanu ndi umodzi ndi mwendo wothyoka pawiri. Mpaka lero ndimatsimphina.

Kalata yachiwiri ndinailemba ndili pabedi la chipatala. Pofika yachisanu anthu anali atayamba kunditchula kuti a Makalata. Pamsika wina ankafunsa dala kuti, "A Phiri, boma layankha lero, eti?" anzake n'kumaseka. Ngakhale akazi anga, a Nabanda, tsiku lina anati, "Abambo a Esinati, kodi mapepala amenewa tidzafunda? Nkhaniyi isiyeni m'manja mwa Mulungu." Ndinawayankha kuti Mulungu yemweyo ndiye anandipatsa dzanja lolembera. Koma kunena zoona, abale, kupemphera ndinali nditasiya. Ndikagwada, pakamwa pankangotuluka madandaulo omwe ndinalemba kale. Ndinafika poganiza kuti kumwamba nakonso amangodinda n'kuika m'kabati.

Chaka chotsatira mlamu wanga anandipatsa ng'ombe yoti igwirizane pagoli ndi yotsala ija. Ngolo anandikonzera wowotcherera wina pamsika, ndipo anaikako chitseko chatsopano chakumbuyo, chachitsulo, chochita kutsetsereza m'mizere, chopaka utoto wakuda mbali zonse. Lisiti yake ndili nayo, inalembedwa kuti "chitseko chimodzi". Sindinafunse kumene chitsulocho chinachokera, ndipo apa ndikuvomera kuti ndinalakwa. Kwa zaka zitatu matumba a chimanga ankachikhula mkati n'kumachotsa utoto, manyowa n'kumamatirira pamwamba pake.

Mwezi wa Juni chaka chino, a Nabanda anadwala mwadzidzidzi dzuwa litapendeka. Ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, koma tsikulo lilime linalemera ndipo dzanja limodzi linafooka. Galimoto m'mudzi mwathu mulibe. Mwana wathu wamkulu Esinati anatsuka ngolo ndi sopo, poti m'mawa inanyamula manyowa, anayalamo matiresi, tinawagoneka amayi ake. Ine ndinathamangira kutsogolo kukamanga ng'ombe, iye n'kutseka kumbuyo. Pofulumirapo analowetsa chitseko chotembenuza, mbali yamkati n'kuyang'ana kunja. Palibe anazindikira.

Tinafika pakona paja mdima utayamba, fumbi lili m'mwamba. Pamenepo ndinamva lole ikutsika kumbuyo kwathu ndi liwiro. Kulira kumeneko ndimakudziwa, mwendo wanga umakudziwanso. Kumanja kunali chigwembe, kutsogolo mlatho, kopatukira kunalibe, ndipo nyali tinalibe. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi ndinapemphera pemphero lopanda dandaulo, la mawu awiri okha: "Ambuye, atione."

Mabuleki analira kutali ndithu, n'kulirabe, mpaka lole inaima poti munthu akanatambasula dzanja n'kugwira ngolo. Dalaivala anatsika, bambo wa imvi zoyamba kumene.

"Madala, ndakalambira pa chiwongolero," anatero, "koma chikwangwani choyenda ndi miyendo ya ng'ombe ndachiona lero."

"Chikwangwani chiti? Cha pano chinabedwa. Makalata ndili nawo."

"Nanga icho?"

Ndinayang'ana ndili chapambali. Ndinangoona chitsulo chotuwa, chokalikakalika. Iye anasuzumira m'ngolo, n'kuona a Nabanda.

"Ndi odwala kodi? Zokamba tikamba panjira. Tiyeni tiwakweze amayiwa."

Tinawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo kwa lole, ine n'kukhala pambali pawo. Esinati anakusa ng'ombe kuti awoloke mlatho atipatse njira. Apo ndi pamene ndinachiona, ndili pampando wa m'mwamba, kuseri kwa magetsi a lole. Mivi itatu yofiira inali kuyaka ngati makala, poyera pake pakuthobwa m'maso, ikuyenda pang'onopang'ono kuwoloka mlatho. Chinthu chimene ndinachilembera makalata asanu ndi anayi ndinkagona nacho pakhomo panga. Ndinalira, abale, ndipo sindichita nazo manyazi.

Panjira dalaivala uja anandifotokozera, ndipo mawu ake ndinawalemba m'mawa mwake ndisanaiwale. Anati pachikwangwani samapaka utoto wamba. Amamatapo chipepala chokhala ndi timikanda tagalasi tating'ono kuposa mchenga, ndipo kuwala kukagwa pa timikandato sikumwazika, kumabwerera komwe kwachokera. N'chifukwa chake woima pambali saona kanthu, pomwe wokhala kuseri kwa magetsi amachiona ali kutali. Anatinso zatsopano zili ndi timakona tosaoneka ndi maso m'malo mwa timikanda, ndipo zimawala koposa. Ine ndinangoti, anadalitsika munthu amene anakhala pansi n'kuganiza zimenezi, ngakhale Nsaru sanaimvepo.

Kuchipatala anawalandira msanga a Nabanda. Lero akuyankhula, akusenda mtedza ndi manja onse awiri, ndipo andiuza kale kawiri kuti ndisatalikitse umboniwu.

Nditabwerera kunyumba ndinatulutsa kope la kalata yoyamba n'kuyeza chitsekocho. Mikono iwiri, mkono umodzi. Ngodya yakumanzere inali yowongoledwa ndi nyundo, chipsera chake chikuoneka. Wowotcherera uja nditamufunsa anati anagula kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Mawu akewo ndawalemba monga anawanenera, kuweruza si kwanga. Koma ndikunena kwa ife tonse a dera lino amene timagula mbaula, mapoto ndi zitseko za makola osafunsa: chitsulo chimene ukuwotherapo moto mwina chinazulidwa pakona pamene mwana wako adzadutse.

Patatha sabata dalaivala uja anaima pamudzi pathu ndi mpukutu wa tepi yonyezimira, yofiira ndi yoyera, yonga imene amamata kumbuyo kwa malole. Inakwanira ngolo yanga ndi zina zinayi. Loweruka lotsatira abambo a mpingo tinakumba maenje, tinadzala milongoti iwiri ya bulugamu, n'kukhomapo chikwangwanicho pamalo ake akale. Amene ankanditchula a Makalata ndiwo anagwira makasu, ndipo mmodzi anapempha kuti ndimuwerengere kalata yoyamba ija mokweza. Ndinamuwerengera yonse.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga yankho langa pansi pa utoto ndi manyowa mpaka tsiku limene ndinalifunadi. Ndikuthokoza dalaivala amene sanatisiye pamsewu, ndi Esinati chifukwa cha kulakwitsa kwake. Inu amene mwapempha zaka zambiri osaona kanthu, musaleke. Mwina mwangoima pambali, monga ndinaimira ine.

Koma Mulungu atayankha sizitanthauza kuti ofesi yamasuka. Pepala lino kope lake likupita kumeneko ngati kalata yanga yachikhumi. Mabwana, katundu wanu ndamupeza, ndamubweza, ndipo ndadziulula ndekha kuti anali pa ngolo yanga. Chikwangwanicho n'chokalika, chili pa mitengo imene chiswe chidzadya, ndipo chimathandiza ochokera ku Nsaru okha. Ochokera ku Kabudula akufikabe pamlathopo mumdima wopanda chizindikiro. Choncho ndikupempha mwaulemu kuti mutumize munthu adzaone, muikepo zikwangwani ziwiri zatsopano pa mapaipi achitsulo mvula isanayambe, ndipo nkhaniyi muiyankhe polemba, ndi chidindo. M'jumbo muja malo a pepala limodzi alipo.

Ine wanu,
Lazaro Phiri